Mtengo wa Bwemba wa Kang Wagiman

Kalabu ya bonsai ya ku Wonosari lero ili ndi anthu opitirira mazana awiri, ndipo mutafunsa aliyense wa iwo akuuzani kuti anaiyambitsa ndi Pak Darmaji, kapena tinene Bambo Darmaji. Bodza lamkunkhuniza. Mwiniwake Darmaji amadziwa kuti ndi bodza, koma akati atsutse, anthu amangoti mkuluyu ngodzichepetsa, n'kumuombera m'manja.

Amene anaiyambitsa ndi Wagiman, wokonza njinga kuseri kwa msika. Munthuyu analibe buku ngakhale limodzi lonena za mitengo. Lamlungu lililonse ankakwera njinga yake kupita kumapiri a miyala yoyera a kuderali, n'kukakumba zitsa zimene alimi anazitema n'kuzisiya, zopindikapindika chifukwa chomera m'ming'alu ya miyala. Akafika nazo ankazidzala m'miphika yathyathyathya, n'kumazilera zaka ndi zaka mpaka zioneke ngati mitengo ikuluikulu yamakedzana, chikhalirecho msinkhu wake sukupitirira pa bondo. Amayi a pamsika ankamuseka koopsa. Ankati mwamuna wa Bu Tumirah wayamba kuweta nkhuni.

Darmaji panthawiyo anali mphunzitsi wa zojambula kusekondale, munthu wa malaya ositidwa bwino. Tsiku lina anabwera ndi tayala lophulika, ndipo podikira kuti alimate maso ake anagwa pa kamtengo kamene kanali pa benchi.

“Bambo, kameneka mumagulitsa?” anafunsa.

“Mukakatani?” anatero Wagiman, maso ali pa chubu chimene ankachiviika m'beseni.

“Ndikakaike patebulo kunyumba.”

“Ndiye kakafa Lachinayi. Mtengo sukhala m'nyumba, aphunzitsi, si mphaka.”

Tayala linatha kumatidwa, koma Darmaji sanachoke mpaka azana woitanira mapemphero a madzulo atamveka kumzikiti. Lamlungu lotsatira anapezeka ali kumapiri, atanyamula khasu ndi thumba, malaya ositidwa aja atasanduka chigoba cha thukuta. Ubwenzi wawo unayambira pamenepo. Iye ankamutchula Wagiman kuti Kang, monga amatchulira mkulu wako, ndipo Wagiman ankamuyankha kuti Dik, mng'ono wanga. Wachitatu kulowa m'gululi anali Ngadiyo wometa, munthu wa pakamwa posatseka, amene anabwera chifukwa chomva kuti pamakhala tiyi ndi chinangwa chokazinga.

Pomafika chaka chachisanu anali atakwana khumi ndi anayi, ndipo khonde la Wagiman linali litachepa. Anasankha Darmaji kukhala wapampando, popeza ndiye ankatha kulemba makalata a mawu a boma. Wagiman sanadandaule, ndiye amene anayamba kukweza mkono.

Analibe malamulo olembedwa, koma panali mwambo umodzi umene aliyense ankaulemekeza. Munthu akamapita ulendo wautali ankasiya mitengo yake m'manja mwa mnzake mmodzi, ndipo womusiyirayo ntchito yake inali kuthirira basi. Ngakhale aone tsamba lotuluka pamalo olakwika, ngakhale manja amuyabwe chotani, sizasi inkakhala m'thumba. Kusiyiridwa mitengo unali ulemu waukulu kuposa upampando. Ndipo Wagiman, ngakhale ulendo wa masiku awiri wa ku ukwati, ankasiyira Darmaji yekha. Darmaji ankanyadira zimenezi kuposa satifiketi yake ya uphunzitsi, sankabisa n'komwe.

Mwa mitengo yonse ya Wagiman, umene unkaimitsa anthu pamsewu unali wa bwemba. Anaupeza m'munda wina utapsa mbali imodzi ndi moto wa alimi. Thunthu lake linali lonenepa ngati ntchafu ya munthu, lokhota kawiri, makungwa ong'aluka ngati zidendene za wogwira ntchito m'matope. Koma mbali yopsa ija inali ndi vuto. Kunangotsala kamzere kamodzi ka khungwa lamoyo, kopanda nthambi yokokera madzi, ndipo chaka chilichonse kankacheperachepera.

Wagiman anachita zimene anzake anali asanaonepo. Anasiya nthambi ina ya pamwamba kuti ingotalika osaidula, zaka zitatu zathunthu. Itatalika anaipinda pang'onopang'ono kuitsitsa pansi, n'kusema kampata pa kamzere kamoyo kaja, n'kuigoneka momwemo, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Nsonga yake inatulukira kutsogolo ndi timasamba take. Maganizo ake anali oti nthambiyo ikamezana ndi thunthu, adzadule uta wonse wa pamwambawo, nsonga ija isanduke nthambi ya pansi yomwa madzi kuchokera ku kamzere kaja. Nzeru zinalipo, koma maonekedwe, ayi ndithu. Mtengo wokongola uja unali ndi chogwirira chachikulu pambali ngati cha ketulo.

“Kang, ketulo wanu uja wawira?” Ngadiyo ankafunsa Lamlungu lililonse.

“Akawira ndidzakuthira m'makutu,” ankayankha Wagiman.

Chaka chimene anaipinda nthambiyo Wagiman anagulitsa ng'ombe zimene bambo ake anamusiyira, ndipo iye ndi Bu Tumirah anapeza malo pa ulendo wa ku Makka. Masiku makumi anayi, m'chilimwe chenicheni. Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke anamuitana Darmaji n'kuyenda naye pakati pa miphika, kumuuza uwu umamwa kawiri, uwu usauike padzuwa la masana. Atafika pa bwemba anaima.

“Dik, uwu ndiye usaukhudze. Ukuona patupa apa? Anthu aziti wamezana. Sunamezane. Ukufuna mvula ina imodzi.”

“Kang, mukundiuza ine zimenezo?”

“Ndikuuza iweyo, chifukwa iwe ndi amene uli ndi diso. Wopanda diso saona cholakwika.”

Anaseka onse awiri. Kutacha Darmaji anaperekeza basi ya anthu a ku Haji mpaka pamphambano, akugwetsa misozi ngati ena onse.

Kalata inafika patangotha sabata imodzi. Ofesi ya boma inkafuna chionetsero cha bonsai pabwalo lalikulu la m'tauni, koyamba m'mbiri ya Wonosari, ndipo bungwe lalikulu la mitengoyi linalonjeza kutumiza oweruza atatu ochokera ku Yogyakarta. Akakhutira, kalabu ilembedwa m'kaundula wawo, iziyitanidwa ku mipikisano ya m'mizinda. Darmaji anali atalemba makalata asanu ndi awiri kupempha zimenezi. Tsiku limene a ofesiyo anaika linali masiku khumi ndi awiri Wagiman asanabwere.

Anasonkhanitsa mitengo ya anzake onse pabwalo la sukulu kuti aione pamodzi, ndipo mtima wake unagwa. Pakhonde pa munthu inkaoneka bwino, koma pamzere, ha, inali ngati mbande za fodya. Wina anabweretsa wake mu chitini cha penti. Panali mtengo umodzi wokha mu Wonosari monse woti munthu wa ku Yogyakarta n'kuvula magalasi, ndipo unali ndi chogwirira cha ketulo.

Kutulutsa mtengowo pakhomo kunali kale kulakwa, koma Darmaji anadziuza kuti Kang akanalola. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali nthambi ija. M'mawa uliwonse akamathirira ankagwada n'kuyang'ana pomangidwa paja. Panali potupa bwino, khungwa litakwera mbali zonse mpaka kumeza mphira. Anajambula mtengowo papepala wopanda uta uja, ndipo atayang'ana chithunzicho anamva kutentha m'chifuwa. Unali mtengo woti sanauonepo ngakhale m'magazini a ku Jakarta.

Kutatsala masiku awiri anabwera ndi Ngadiyo kuti amuthandize kunyamula.

“Tinyamula ndi ketulo yemwe?” anatero Ngadiyo. “Anthu a ku Yogya akatiseka mpaka mano agwe. Adzati anthu a kumapiri abweretsa dengu.”

“Kang anati sunamezane.”

“Kang amati chilichonse sichinapse. Tayala langa analisunga masiku atatu akuti guluu sanaume. Taona wekha apa, Pak Guru, mphunzitsi wathu, mphira wamezedwa. Ukufunanso chiyani, kalata ya kwa a bwanamkubwa?”

Tisamunamizire Ngadiyo, iye ankangolankhula monga amalankhulira akamameta anthu. Sizasi inali m'thumba la Darmaji, ndipo anali ataibweretsa kuchokera kunyumba, atainola. Anagwedeza nsonga ija ndi chala, inali nganganga. Anadziuza kuti mwezi wathawu kwatentha, mtengo wakula msanga. Anadziuza kuti Kang akabwera adzapeza kalabu yake ili m'kaundula, adzasangalala. Anati bismillah, n'kudula pamwamba, n'kudulanso pafupi ndi pomezanitsa paja. Uta wa zaka zitatu unagwera pansi.

Pachionetsero anthu anaunjikana pa bwembayo ngati pagwa ngozi. Woweruza wamkulu, bambo wa imvi wosaseka, anauzungulira katatu, anagwada, anadzuka, n'kubaya kambendera kofiira m'dothi la mumphika, chizindikiro cha mtengo woposa yonse. Anafunsa kuti mwini wake ndani. Darmaji anayankha kuti ndi Pak Wagiman, ali ku Haji. Anafunsanso kuti anaukonzera chionetsero ndani, ndipo Darmaji anati ndi iyeyo. Wojambula wa nyuzipepala anamuimika pambali pa mtengo. Tsiku lomwelo anthu makumi atatu analembetsa mayina kuti alowe kalabu.

Timasamba ta bwemba timapinda dzuwa likamalowa n'kutambasukanso m'mawa, aliyense amadziwa. Patapita masiku asanu chidulireni, Darmaji anabwera ndi ndowa yake m'mawa n'kupeza mtengo wonse watambasula, kupatula nsonga ija. Anaithira madzi. Anaikira mthunzi wa masamba a kokonati. Anaikulunga ndi nsalu yonyowa, anaiveka pulasitiki, mpaka anapita kukafunsa mlangizi wa zaulimi ngati pali mankhwala. Pomafika tsiku lachisanu ndi chinayi timasamba tinali titayoyoka tonse. Anamasula mphira uja, ndipo kanthambiko kanangosololoka m'kampata muja n'kutsalira m'manja mwake, kouma gwaa. Kunja khungwa linali litakumana, koma m'kati munalibe pamene panagwirana.

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi thalauza la kuntchito. Tsiku limenelo ana a sukulu anamudikira mpaka belu lachitatu.

Wagiman atabwera, nyumba inadzaza ndi alendo monga zimakhalira. Anthu ankalowa mmodzimmodzi kudzamukumbatira, kulandira zipatso za tende ndi kakapu ka madzi a zamzam, a pachitsime chopatulika cha ku Makka, n'kupempha kuti awapempherere, poti pemphero la wongobwera kumene ku Haji silibwerera chabe. Anali ataonda, atameta mpala, atavala kachipewa koyera. Ataona Darmaji anatambasula manja onse awiri.

“Dik! Ndamva kale, ndamva. Akuti watitchukitsa mpaka mu nyuzipepala.”

“Kang, tiyeni kuseri kaye.”

“Imwa madziwa poyamba.”

“Sindingamwe, Kang. Tiyeni muone kaye.”

Anatuluka awiriwiri. Wagiman anaima patsogolo pa bwembayo nthawi yaitali. Sanayang'ane kambendera kofiira kamene Darmaji anakasiya dala mumphika, ngati kuti kamulankhulira. Anagwada, anapisa chala m'kampata kopanda kanthu kaja, kenako anakanda kamzere kamoyo kaja ndi chikhadabo. Pansi pake panali pobiriwirabe, koma mofooka.

“Unadula liti?”

“Kutatsala masiku awiri chionetsero.”

“Unaona kuti wamezana?”

Darmaji akanatha kunena kuti inde. Akanathanso kutchula Ngadiyo. Koma anati, “Ndinkafuna kuti ukhale utamezana, Kang.”

Wagiman anagwedeza mutu. Darmaji ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo kunena zoona ankakufuna, kuti mwina chifuwa chingapepuke. Koma mkuluyo anangodzuka n'kusansa fumbi pa mawondo.

“Kumene ndachokera ndakhala ndikulira kupempha kuti andikhululukire zanga,” anatero. “Ndiye ndifike pano ndiyambe kusunga za mnzanga? Ndakukhululukira, Dik. Tiye ukamwe madzi aja.”

Anamwa. Sanamvepo madzi ovuta kumeza ngati amenewo.

Nthambi ina yotalika yoti n'kuyesanso panalibe, ndipo kamzere kaja sikakanadikira zaka zina zitatu. Mvula isanagwe kanauma, ndipo mizu ya mbali imeneyo inatsatira. Wagiman anasenda khungwa lakufalo n'kupala mtengo wa m'kati mpaka unayera, kuti chiswe chisalowe. Theka la bwembayo linakhala lamoyo, theka linalo fupa.

Nanga anthu! Obwera kumene m'kalabu ankaima pa mtengowo n'kumati taonani luso, mbali yoyerayi ndiye mtima wa mtengo wonse. Chithunzi cha mu nyuzipepala chija anachisindikiza pa malaya a kalabu. Anthu anafika makumi asanu ndi atatu, kenako zana, misonkhano inasamukira ku holo, kunabwera madokotala ndi eni masitolo a golide, ogula mitengo yokonzakonza m'malo mokakumba okha. Wagiman, amene tsopano ankatchedwa Pak Haji, ankabwerabe mwa apo ndi apo, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi tiyi. Ndi Darmaji ankachezabe, ankaseka, pa Idi ankayenderana. Ndipo popeza mkuluyo sanapitenso ulendo wina, Darmaji anayamba kukhulupirira kuti zinathadi.

Panapita zaka khumi ndi chimodzi. Maso a Wagiman anachita ng'ala, ndipo mwana wake wamkazi wa ku Semarang anaumirira kuti abwere akachitidwe opaleshoni kumeneko, akhale mwezi wathunthu pamodzi ndi Bu Tumirah. Darmaji anamva nkhaniyi ali pampando wa Ngadiyo, thovu lili kumaso.

“Ndiye ndiyambe kudzuka molawirira,” anatero Darmaji. “Miphika ija ilipo makumi anayi.”

Lumo la Ngadiyo linaima. “Sanakuuze? Wasiyira Yu Painem.”

“Painem uti?”

“Wogulitsa tempe, chakudya cha soya, uja, woyandikana naye nyumba.”

“Amene uja amati bonsai ndi ndiwo zokanika kukula?”

“Yemweyo,” anatero Ngadiyo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni kumeta anamaliza mutu wonse osawonjezera mawu.

Darmaji anapita masana omwewo. Anapeza Wagiman ali pakati pa miphika ndi Yu Painem, mayi wonenepa wa ndowa ya buluu, akumuphunzitsa. Mkuluyo ankapapasa mphika uliwonse ndi manja popeza maso sankamuthandiza.

“Uwu makapu awiri, Yu. Uwu atatu.”

“Ee, Pak Haji, ndamva. Koma timitengo tanuti n'tomvetsa chisoni, bwanji osangotidzala pansi tikule?”

“Makapu atatu, Yu.”

Mayiyo atapita kukayang'ana moto wake, Darmaji anayandikira. Anali bambo wa imvi tsopano, mphunzitsi wamkulu wopuma, wapampando wa anthu mazana, koma mawu anamutuluka ngati a mwana wa sukulu.

“Kang, mayi amene uja sadziwa ngakhale kusiyanitsa bwemba ndi mlombwa.”

“N'chifukwa chake ndamusankha.”

“Ine ndili ndi nthawi, Kang. Ndinapuma ntchito. Ndizibwera kawiri patsiku. Sizasi ndisiya kunyumba, mukafuna ndikupatsani muitsekere m'kabati mupite ndi kiyi ku Semarang.”

Wagiman anafufuza dzanja la Darmaji n'kuligwira, mwachikondi ndithu, monga ankachitira kale akamakwera phiri.

“Zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza kuti munandikhululukira,” anatero Darmaji.

“Ndinakukhululukira tsiku lomwelo, Dik, Mulungu ndi mboni. Ukadzamwalira ine ndisanapite, ndidzanyamula nawo maliro ako. Ine ndikatsogola, ndinamuuza kale Tumirah kuti odzandisambitsa mmodzi akhale iwe.” Analozetsa nkhope kumene kunali miphika. “Koma ku Makka ndinapita ndine. Mitengoyi sinapiteko.”

 Darmaji anamuthandiza mkuluyo kukwera masitepe a pakhonde, anamwa tiyi amene Bu Tumirah anabweretsa, anafunsa za basi ya m'mawa. Kenako anatsanzika.

Mwezi wonsewo ankadutsa pamsewu umenewo m'mawa uliwonse, ngakhale kuti sinali njira yake. Ankaimitsa njinga yamoto pa mpanda n'kumayang'ana Yu Painem akukhuthula madzi mwachisawawa, ena pamasamba, ena pansi, akuimba nyimbo zake. Pa bwemba paja, pamwamba penipeni, panatuluka mphukira yaitali yoloza kumwamba, yoononga maonekedwe onse. Mayiyo tsiku lina anamuona n'kukuwa.

“Pak Guru! Lowani mudzaone ngati ndikuchita bwino, inu ndi amene mumadziwa!”

“Mukuchita bwino, Yu,” anayankha Darmaji ali kunja kwa mpanda, manja onse awiri atagwira zogwirira za njinga. “Pitirizani choncho.”